Malungo a ku Phoenix

Mwana wanga wamkazi atachira ku Phoenix, ku Arizona, ananditumizira tikiti kuti ndikathandize kulera khanda. Munali mu July 2023. Pafoni anandichenjeza kuti kumeneko kukutentha zosasimbika. Ndinaseka. Ine wa ku Ngabu, ndaphunzitsa ku Chigwa cha Shire mpaka kupuma pantchito, mwana wobereka ndekha n'kumandiopseza ndi dzuwa?

Kunjako kunali moto ndithu, zimenezo sindikana. Koma m'nyumba munali bwinobwino. AC yake, makina oziziritsa m'nyumba, ndi imodzi ya nyumba yonse, mphepo imatulukira m'timazenera ta kudenga, ndipo mfumu ya zonsezi ndi kabokosi ka pakhoma kotchedwa thermostat. Akamwini anga sankadutsa pamenepo osakayang'ana.

Tsiku lina mwana wanga anapita ndi khanda kusikelo, ati pobwera adzera kwa mnzake. Akamwini anali kuntchito. Ndikupukuta fumbi, magalasi ali kumaso, ndinaona nambala pakabokosi paja: 78. Mtima unangoti phaa! Sayansi ya Sitandade 8 ndaiphunzitsa ine. Thupi la munthu ndi madigiri 37, madzi amawira pa 100. Ndiye 78? Anthu awa akundiphikira mdzukulu. Zoti ineyo sindinkamva kutentha sizinandidabwitse, ndinati khungu la ku Ngabu linakhwima kalekale.

Ndinayamba kudina batani lotsitsa, cholinga ndifike pa 25. Nambala inatsika, inatsika, kufika pa 50 n'kukanirira. Ndinakanikiza ndi chala chachikulu, osatheka. Ndinati basi, 50 bola. Ndinakakhala pampando wanga, umene unali pansi penipeni pa kazenera ka mphepo, n'kumasankha nyemba.

Posakhalitsa tsembwe linandigwira. Kenako zala kuuma, kenako mano kugundana. Wa kuchigwa safunsa kuti chimenechi n'chiyani. Malungo! Ndabwera nawo kuchokera kumudzi, anangobisala m'magazi kudikira tsiku loti nditsale ndekha. LA ndinalibe, ndinamwa panado. Ndinamanga chitenje kumutu, kufunda bulangete, koma kuzizira osasiya. Kuseri kwa chitseko kunali jekete lalikulu la akamwini. Kwathu mpongozi sayandikira zovala za mkamwini, koma wodwala alibe mwambo. Ndinalivala, zipi mpaka m'khosi.

Chakumadzulo kuzizira kuja kunaleka, thukuta linayamba kamukamu. Apa ndiye kukayika konse kunatha, chifukwa malungo amayenda choncho, kunjenjemera kaye, kutentha pambuyo. Ndinaimbira mwana wanga. "Mwanawe, malungo andipeza, ndipo ndi aakulu aja. Ukauze amalume ako kuti munda wa kudimba asagulitse."

Woyamba kufika anali akamwini, ali wefuwefu. Anapeza apongozi awo ali gone pasofa, avala jekete lawo, akung'ung'udza nyimbo ya pamaliro, uku madzi akudontha kuchokera kusiling'i ya m'kolido. Ananjuta chapatali.

"Amayi, mukupeza bwanji?"

"Ndikupita, bambo."

Anadzuka kukayang'ana kabokosi kaja. Anaima pamenepo nthawi yaitali, manja ali m'chiuno. Kenako anabwerera, kunjutanso.

"Pepani amayi, kodi alipo amene anagwirako apo?"

"Ndine. Mukanandiphera mwana ndi 78 yanuyo."

Munthu uja ndi woleredwa bwino. Anameza malovu, natenga envelopu ndi cholembera. Ati ku America sawerengera kutentha mu Celsius ngati ife, amawerengera mu Fahrenheit. Uchotse 32, uchulukitse ndi 5, ugawe ndi 9. Ndinawalanda cholembera, samu sindiwerengeredwa ndi munthu. 78 kuchotsa 32 ndi 46, kuchulukitsa ndi 5 ndi 230, kugawa ndi 9... 25.6. Ndinabwereza. 25.6 yomweyo. Nyumba inali kale pamene ndinkafuna kuifikitsa. Ati 78 ndi nambala imene unduna wa zamphamvu zamagetsi wa dzikolo unkalangiza m'chilimwe anthu akakhala pakhomo. 50 yanga ija inali madigiri 10, Dedza mu June. Ndipo 110 imene ankailira pa TV tsiku ndi tsiku, ine n'kumati azungu amakokomeza, ndi 43 yathu. Chaka chimenecho Phoenix inatha masiku 31 otsatizana kutentha kukufika pamenepo kapena kupitirira.

Wokonza AC atabwera anakwera kudenga, n'kutsika ndi chithunzi pafoni: mapaipi onse atakutidwa ndi ayezi. Anafotokoza kuti kutsitsa nambala sikufulumizitsa kuzizira, kumangouza makina kuti asapume. Ndiye anagwira ntchito tsiku lonse mpaka mkati munaundana, ayezi uja n'kutseka njira ya mphepo, nyumba n'kuyamba kutentha, madzi osungunuka n'kusefukira pasiling'i. Ndiko kunachokera kuzizidwa kwanga ndi thukuta lomwe. Anawonjezera kuti sefa ya mpweya inali yodzaza fumbi, nayonso inathandizira.

"Mwamva, bambo?" ndinatero. "Sefa. Imeneyo ine sindinaigwire."

"Zoona, amayi," anayankha akamwini, maso ali pa lisiti.

Makina anayenera kuzimitsidwa mpaka ayezi yense asungunuke, ndipo ndi khanda simukanagoneka m'nyumbamo. Tinapakira matewera ulendo kuhotela. Jekete ndinabweza m'galimoto mwakachetechete, lili chinyezi.

Chipinda changa cha kuhotelako chinalinso ndi kabokosi kake pakhoma. Ndisanayandikire n'komwe, mwana wanga anandivula magalasi, ati ada, akandipukutira. Anabwera nawo m'mawa, nthawi yotuluka itakwana.