Squid za ku Weymouth, ulendo wachisanu ndi chimodzi

Loweruka usiku ndinabwera nazo zinayi. Pa Stone Pier, khoma lamiyala lolowa m'nyanja pomwe timawedzera squid kuno ku Weymouth, pali anthu amene amadzaza ndowa, koma ine zinayizi zandikondweretsa kuposa zonse zimene ndagwira chiyambire mu Seputembala, chifukwa iliyonse inafa pasanathe masekondi khumi chiivuulireni m'madzi. Pamenepa ndi pomwe pakhala pakundivuta miyezi iwiri yonseyi.

Amene simunaionepo, squid ndi ija m'malesitilanti amaitcha calamari. Kunyanja kwathu kulibe chifukwa ndi ya m'madzi amchere. Ili ndi mikono isanu ndi itatu komanso ina iwiri yaitali yogwirira chakudya, ndipo kuno kummwera kwa England imayandikira kugombe nyengo ino, kunja kukayamba kuzizira. Timawedza usiku pamalo owala. Kuwalako kumaitana tinsomba, squid n'kulondola tinsombato. Usiku woyamba nditaona nyale zili ngwee pamadzi ndinakumbuka kwathu ku Nkhotakota, siginala ali pabwato ndi nyale zake kuitanira usipa ku chilimira. Nyambo sitiika. Timagwiritsa ntchito kachidole kooneka ngati nkhanu yaitali, a ku Japan amati egi, kokhala ndi timbedza tambiri kumchira topanda ndevu zokolera. Ukangolekerera chingwe kuti chikhwepe, squid yapita.

Ulendo woyamba uja ndinagwira ziwiri ndipo ndinachita monga timachitira ndi chambo, kungoponya mu ndowa n'kubwerera ku chingwe. Nditasuzumiramo patapita kanthawi ndinapeza zikanali moyo. Thupi linkasintha mtundu, psuu, kenako mbuu, kenako madonthomadontho, likupopa mpweya wopanda madzi, inki imene squid imalavula ili bii pansi pa ndowa. Diso lake ndi lalikulu ndipo limaoneka ngati likukuyang'ana. Zinatenga nthawi yaitali kuti zife, ndipo ndinapita kunyumba mtima usali m'malo. Bambo anga sankalola mwana kupha nkhuku ndi mpeni wobuntha. Ankati chinthu chimene udye usachizunze. Sindinaone chifukwa choti lamuloli lithere pa nkhuku.

Nditayamba kufufuza ndinapeza kuti nkhaniyi kuno anaikambirana kale. Mu 2021 akatswiri a ku London School of Economics, motsogozedwa ndi Jonathan Birch, anaunika kafukufuku woposa 300 n'kupeza umboni wamphamvu woti squid, octopus (m'bale wake wa squid) ndi nkhanu zimamva ululu. Mu 2022 lamulo la Animal Welfare (Sentience) Act linaziika m'gulu la nyama zomva. Lamulolo silimuuza msodzi wa pagombe mmene aphere, zimenezo zili kwa mwini chingwe.

Anandionetsa kaphedwe ndi bambo wina wachikulire amene timakumana pa Stone Pier. Njirayi ndi ya ku Japan, amaitcha ika-jime. Ubongo wa squid uli pakati pa maso, ndipo unazungulira kummero moti chakudya chimadutsa pakati pake. Squid ikafika pamwamba pa madzi umayamba waisiya ilavule inki, kenako n'kuigoneka pansalu yonyowa mutu utaloza kumbali, osati kwa iwe. Umatenga kachitsulo kosongoka n'kubaya pakati pa maso mopendekera chakuthupi. Ukalasa bwino thupi lonse limayera mbee nthawi yomweyo, ngati wina wazimitsa getsi. Kenako umabweza kachitsulo pang'ono, n'kukatembenuzira chakumikono, kubayanso, mutu ndi mikono n'kuyeranso. Kuyerako kuli ndi chifukwa chake. Khungu lili ndi timatumba ta utoto tambirimbiri timene timatambasulidwa ndi timinofu, ndipo timinofuto timalamulidwa ndi mitsempha yochokera ku ubongo. Mtsempha ukaduka timinofu timamasuka, timatumba n'kufota, utoto n'kuzimirira. Ndiye nyamayo imakuuza yokha ngati wachita bwino kapena ayi.

Pa ulendo wachitatu kawiri konse inayera mbali imodzi yokha, kumanzere mbee, kumanja kukadali kofiira, mzere uli pakati ngati wojambula ndi rula. Izi zimatanthauza kuti wadula mtsempha wa mbali imodzi, ndipo uyenera kubayanso pompo osaima n'kumadabwa. Ndinazindikira kuti ndinkabaya mwamantha, dzanja likunjenjemera, ndiponso ndinkafunafuna kachitsulo m'thumba squid ili kale pansi. Tsopano ndinakamangirira chingwe n'kukakoleka m'khosi, nsalu ndimayala ndisanaponye, ndipo ndinagula tochi ya pamphumi. Loweruka zinayi zonse zinayera ulendo umodzi. Mikono imathabe kugwedezeka kapena kumata chala pambuyo pake popeza ili ndi mitsempha yakeyake, musaope kuti mwalephera.

Kusunga ndinalakwitsanso poyamba. Ziwiri zoyamba zija ndinazithira ayezi pamwamba, ayezi n'kusungunuka, squid n'kugona m'madzi opanda mchere mpaka kunyumba. Mnofu unasanduka woyera ngati choko, wofewa moipa, kukoma kutapita. Squid yatsopano mnofu wake umakhala wowala, pafupifupi kuonekera mkati. Panopa iliyonse imalowa m'jumbo yakeyake yotseka pakamwa, ndimafinya mpweya, n'kuigoneka pamwamba pa ayezi m'bokosi nditayala kansalu pakati. Izizire koma isanyowe.

Kukonza ndimachitira kunyumba, m'sinki, chifukwa inki ikagwa pamalaya sichoka msanga. Dzanja limodzi limagwira thupi, chala cha dzanja linalo chimalowa mkati kumsana n'kumatula pomwe mutu unalumikizana ndi thupi, kenako kukoka pang'onopang'ono. Mutu umabwera ndi matumbo onse. Kathumba ka inki ndi kakang'ono, konyezimira ngati siliva, ndipo ukakoka mwaphuma kamaphulika n'kudetsa zonse. Mkati mwa thupi mumatsala kanthu kowonekera ngati pulasitiki, kooneka ngati nthenga, kamasololoka mosavuta. Mikono ndimadula patsogolo pa maso penipeni kuti ikhale yogwirana, n'kufinya pakati kuti mlomo utuluke. Mlomowo ndi wolimba, wopindika ngati wa chinkhwe, ndipo squid yamoyo imaluma nawo. Zipsepse musataye, zimadyedwa. Khungu limasendeka ndi zala ukayambira pa chipsepse. Ena amalisiya, ine ndimasenda ndikafuna kukazinga, koma ya msuzi ndimalisiya chifukwa limapatsa mtundu wabwino. Kutsuka ndi kwachangu, m'madzi ozizira amene ndasungunuliramo mchere, n'kupukuta mpaka iume.

Ya mufiriji ndimadya lisanathe tsiku lachiwiri. Yotsala imapita m'firiza pa madigiri 18 pansi pa ziro, iliyonse m'jumbo yake yolembedwa deti, ndipo sindipitirira nayo miyezi itatu. Kuumitsa m'firiza sikuiwononga monga kumachitira ndi nsomba zina, kumaifewetsa. Amene mumafuna kuyesa yaiwisi samalani, squid imatha kukhala ndi tinyongolotsi totchedwa Anisakis, ndipo firiza ya panyumba sifika msanga pa kuzizira kofunika kutipha. Ine ndimaphika basi.

Lamulungu ndinaphika ziwiri ndi tomato, anyezi ndi kambuzi pang'ono, pamoto wochepa kwa mphindi 45, tinadyera nsima. Squid imafuna moto waukulu wosakwana mphindi ziwiri kapena moto wochepa wa nthawi yaitali, zapakatipo imalimba ngati mphira. Mlamu wanga amene ankakana ngakhale kuiyang'ana anapempha kuti ndimusungire imodzi mwa ziwiri zili m'firizazo.

Chimene chatsala ndi kathumba ka inki. Mwa zinayi za Loweruka kanandiphulikira kamodzi, ndipo ndikuganiza kuti ndimafinya mutu kwambiri pokoka. Ulendo wotsatira ndiyesa kung'amba thupi ndi sizasi kuchokera kumimba kuti ndione mmene kanakhalira ndisanakhudze chilichonse.