Zikomo kwa onse amene mwagwira dzanja kalabu ya ana athu

Ife makolo a ana a m'kalabu ya utsogoleri pasukulu yathu ya pulaimale tati tithokoze poyera. Tiyambe ndi inu aphunzitsi amene mumatsalira belu loweruka likalira, anzanu atapita kwawo. Mwaphunzitsa anawa kusankha wapampando ndi mlembi povota, kulemba mfundo za msonkhano, ndiponso kudikira mnzawo amalize kulankhula. Zimaoneka zazing'ono, koma ngakhale ife akuluakulu zimatikanika pamisonkhano yathu.

Chimene chatikhudza kwambiri ndi ntchito yofufuza mbiri ya sukuluyi. Aphunzitsi aakulu, zikomo potsegula kabati n'kulola ana kugwira kaundula wakale uja, wa masamba ofiirira, odyedwa ndi njenjete m'mphepete. Mwana wina anapezamo dzina la agogo ake, chala chili pamzere pomwepo, osafunanso kupatsira anzake bukulo.

Inunso agogo amene munaphunzira pano kalekale, ndi aphunzitsi opuma pantchito, simunadikire kuitanidwa kawiri. Munakhala pa timipando ta ana, mawondo ali m'mwamba, n'kumayankha mafunso onse, ngakhale ochititsa manyazi aja okhudza zilango ndi kubwereza kalasi. Mafunsowo anakonza okha anawo, mayankho analembanso okha.

Kwa inu amene munasiya envelopu ya zithunzi zakale ku ofesi osatchula dzina: tazilandira, ana azijambulanso, ndipo zanuzo tazisunga bwino. Chonde mubwere mudzatiuze amene ali pazithunzipo, chifukwa nkhope zambiri palibe akuzizindikira.