Mmene tinayambira kaizen pafakitale yathu ku Makata

Nditapatsidwa ukapitawo pafakitale yopanga ndowa ndi mabeseni apulasitiki ku Makata, mu Blantyre, abwana anandiuza kuti ndiyambitse kaizen. Mawuwa ndi a Chijapanizi, ndipo amanena za kukonza kagwiridwe ka ntchito pang'onopang'ono, tsiku ndi tsiku, osalekeza. Anatchuka ndi kampani ya Toyota, koma kwathu kuno ambiri anawamvera kuzipatala, komwe bungwe la boma la Japan lotchedwa JICA linathandiza kufalitsa 5S, njira zisanu zosamalira malo antchito.

Sabata yoyamba sindinasinthe kanthu. Taiichi Ohno wa ku Toyota ankalemba mzere wozungulira pansi ndi choko, n'kuuza wophunzira kuti aime momwemo azingopenya. Nanenso ndinaima pafupi ndi makina athu aakulu, kope lili m'manja. Zimene ndinaona zinandikhudza. Posintha chikombole choumbira ndowa kapena mabeseni, makina ankaima m'mawa wonse, koma nthawi yambiri inkathera pofunafuna sipanala, mabawuti ndi mapaipi a madzi oziziritsa. Anthuwo sanali aulesi ayi. Thukuta linali kamukamu, kusakasaka zida zimene zinalibe pokhala.

Tinayamba ndi 5S, kutanthauza seiri, seiton, seiso, seiketsu ndi shitsuke: kupatula zosafunika, kuika chilichonse pamalo pake, kuyeretsa, kugwirizana njira imodzi, ndi kuizolowera. Loweruka lina tinamata timapepala tofiira pa chilichonse chimene chinatha mwezi osakhudzidwa, n'kuchitulutsa. Kenako tinakhoma thabwa pakhoma, tinajambulapo ndi penti mthunzi wa sipanala iliyonse. Ina ikasowa, mpata wake umaonekera patali. Tinatengeranso nzeru ya Shigeo Shingo, katswiri wa zamafakitale wa ku Japan, yoti zonse zotheka kukonzekera makina akuyenda zikonzedweretu. Masiku ano chikombole chotsatira, mabawuti ake ndi mapaipi zimakhala pangolo makina asanazimitsidwe.

Zimenezo zinali zosavuta. Povuta panali pa anthu, ndipo apa ndinalakwitsa. Ndinapachika bokosi loponyamo maganizo pakhomo, koma masabata anadutsa lili mbee. Madala ena amene agwira makinawa zaka zambiri anandikokera pambali nati, "Mwana wanga, ife tinalankhulapo kale, osati kamodzi. Yankho ndiye silibwera." Mawu amenewo ndinagona nawo. Mawa lake ndinachotsa bokosi lija n'kuika bolodi poyera. Munthu akalemba vuto, pambali pake timalemba amene alitsatire ndi tsiku loyankha, lisapitirire sabata. Ngakhale yankho likhale lakuti ndalama palibe, timalemba choncho ndi chifukwa chake. M'mawa uliwonse, posinthana shifiti, timaima pabolodipo mphindi 10. Mipando palibe, kuti nkhani isatalike.

Vuto loyamba lenileni kulembedwa linali la ndowa zotuluka zosakwanira milomo, makamaka magetsi akazima n'kuyakanso. Kale tikanangomukalipira wapamakina. Ulendo uno tinafunsa kuti "chifukwa chiyani?" mobwerezabwereza, monga amachitira ku Toyota, komwe amati ufunse kasanu. Ndowa zimaperewera chifukwa pulasitiki sinasungunuke mokwanira. Sinasungunuke chifukwa makina amayatsidwa kutentha kusanabwerere pamlingo wake, womwe pa pulasitiki yathu ya polypropylene ndi madigiri opitirira 200. Nanga amafulumiriranji? Apa m'chipinda munati zii. Mtsikana wina wa shifiti yausiku ndiye analimba mtima nati, "Bwana, mumatiwerengera ndowa za shifiti yonse ngati kuti magetsi sanazime. Tikadikira, ndife otsalira."

Gwero lake linali kawerengedwe kathu ife akuluakulu. Ndinakwera kuofesi ndi ndowa ziwiri zopunduka m'manja, ndipo tinakambirana kwa nthawi ndithu, chifukwa abwana ankaopa kuti anthu ayamba kuzemberapo. Tinagwirizana kuyesa kwa mwezi umodzi pamakina amodzi okha, tione zotsatira, kenako tisankhe. Nthawi ya kuzima kwa magetsi tinaichotsa pachiwerengero, ndipo pamakinapo tinamata khadi losonyeza kutentha koyenera kuyambirapo. Mulu wa ndowa zobwerera kuchigayo cha pulasitiki unachepa moonekeratu, ndipo mwezi utatha makina onse analandira khadi lake.

Chimene ndikulimbana nacho panopa ndi S yomaliza ija, kuzolowera. Maoda akachuluka pofika Khirisimasi, msonkhano wam'mawa ndi umene anthu amafuna kuudumpha poyamba, ndipo ine ndimakana. Sabata ino pabolodi pali dzanja la madala aja: akufuna ngolo ya zikombole ikwezedwe pang'ono, chifukwa msana ukuwapweteka powerama. Wowotcherera wabwera kale kudzayeza, ndipo yankho lawo ndi Lachisanu.