Bizinesi yathu yokweza anthu phiri: chimene timagulitsa ndi ola lotembenukira

Bizinesi yathu ndi yaing'ono. Tili ndi otsogolera njira ochepa, kachipinda kosungiramo zipangizo, ndi njira imodzi yomwe timayendetsamo anthu. Njirayi ndi yozungulira: mumakwerera mbali ina ya phiri, kufika pansonga, n'kutsikira mbali inanso mpaka kutulukira pomwe munayambira. Anthu amaikonda chifukwa saona malo amodzi kawiri. Ife tinamangapo bizinesi pa chifukwa china, choti njira yotereyi imapusitsa. Pa njira yopita n'kubwerera momwemo, munthu akatopa amangotembenuka, ndipo mwala uliwonse womwe akumane nawo anauona kale m'mawa. Pa yozungulira pali malo amene ukawapitirira, kubwerera kumatalika kuposa kupitiriza, chonsecho kutsogoloko sunakupondepo. Makasitomala amabwera akufuna nsonga, koma chomwe amalipira kwenikweni ndi munthu wodziwa ola loti gulu litembenuke.

Ola limenelo timaliwerengera tisananyamuke. Poyambira pathu ndi lamulo lomwe William Naismith, wokwera mapiri wa ku Scotland, anapereka mu 1892: ola limodzi pa makilomita 5 aliwonse, kuwonjezapo ola lina pa mamita 600 aliwonse okwera. Tiyerekeze njira ya makilomita 16 yokwera mamita 1,200. Kutalika kwa njira kukudya maola 3 ndi mphindi 12, chikweza chikudya maola 2, pamodzi maola 5 ndi mphindi 12. Koma Naismith ankanena za munthu wolimba, woyenda osapuma, pa njira yabwino. Eric Langmuir, wolemba buku la kutsogolera anthu m'mapiri, anawonjezapo za kutsika: pa chitsetse chopendekeka kupitirira madigiri 12, onjezani mphindi 10 pa mamita 300 aliwonse. Mukatsika mamita 1,200 onsewo pamalo otere, mphindi 40 zalowapo. Ikanipo kupuma kwa mphindi 10 ola lililonse ndi theka la ola pansonga, mwadutsa kale maola 7. Ndiye poti gulu limayendera mwendo wa amene akuchedwa kwambiri, ulendo wotere timaulemba kuti ndi wa maola 8 mpaka 9, ndipo timafuna tikhale tatsika kukadali maola 2 kuti dzuwa lilowe. Kuchokera pamenepo timawerengera chobwerera m'mbuyo kuti tipeze ola lonyamukira ndi ola lomwe tiyenera kukhala titachoka pansonga.

Ola lotembenukirali timalilemba pa pepala lomwe kasitomala amasaina, ndipo wotsogolera amalinenanso mokweza pamalo oyambira, anthu miyendo ikadali yamphamvu komanso mitu ikadali yozizira. Mukadzalinena koyamba nsonga ili poonekera, mwaitana mkangano. Chipimo chathu china ndi ola loyamba. Gulu likalephera kukwera mamita 300 m'ola limeneli, timadziwa kuti kuzungulira konse sikutheka, ndipo timasankha malo okwera pang'ono oti tikathere n'kubwerera momwe tinadzera. N'chifukwa chakenso malipiro athu ndi a tsiku, osati a nsonga. Wotsogolera amene ndalama yake ikudalira kufika pamwamba amakankha anthu ngakhale mitambo itada. Ulendo ukalephereka chifukwa cha nyengo timangousunthira tsiku lina.

Timakwerera mbali yachikweza kwambiri n'kutsikira yopendekeka pang'ono. Ambiri amadabwa nazo, amati bwanji osayamba ndi kosavuta. Pokwera thanthwe nkhope imayang'ana mwala, manja amathandiza, ndipo pomwe phazi likupita pamaoneka. Potsika thanthwe lomwelo, thupi lonse limagwera pa bondo limodzi, minofu ya kutsogolo kwa ntchafu imagwira ntchito ya mabuleki, ndipo ikatopa mwendo umanjenjemera, phazi n'kumaponda pomwe simunafune. Kubinya kwa akakolo ndi kuterereka kumachuluka nthawi imeneyi, masana, anthu atatopa ndipo akuona ngati ntchito yatha. Timawauza kuti afupikitse mapazi, mawondo akhale opindika pang'ono, ndodo zoyendera azitalikitse ndi masentimita 5 mpaka 10, ndipo zingwe za nsapato azimangenso mwamphamvu pa kakolo asanayambe kutsika. Akapanda kutero phazi limaseserekera kutsogolo, zala n'kumagunda kumapeto kwa nsapato, mawa lake zikhadabo zada bii.

Za nsapato sitinyengerera. Yatsopano, yomwe sinayendepo maulendo angapo, siloledwa. Matuza amayamba ngati kamalo kotentha pa chidendene, ndipo nthawi yomata pulasitala ndi imeneyo, khungu lisanatukuke. Sokosi za thonje zimasunga thukuta, khungu limafewa n'kusupuka msanga, choncho timafuna za ubweya kapena za ulusi wouma msanga, ndi peyala ina youma m'chikwama.

Thonje ndi loipanso pathupi. Mpweya umazizira ndi madigiri pafupifupi 6.5 pa mamita 1,000 aliwonse okwera, kutanthauza kuti pa chitsanzo chathu chija pansonga pazizira ndi madigiri 8 kuposa pansi, mphepo tisanaiwerengere. Munthu amafika pamwamba malaya ali chonyowa ndi thukuta, amakhala pansi kuti adye, mphepo n'kumuomba. Kutentha kwa m'thupi kukatsika pansi pa madigiri 35, ngozi yayamba. Kunjenjemera aliyense amakuona, koma zizindikiro zomwe wotsogolera amayang'ana ndi zina: munthu wayamba kupunthwa pamalo osalala, zipi ikumukanika, akuyankha mosokonekera kapena wangoti zii. Wotereyu timamuvula chonyowacho, kumuveka juzi youma ndi jekete yotchinga mphepo, kumukhazika pa chikwama osati pa mwala, ndi kumupatsa chakudya cha shuga ngati akutha kumeza bwinobwino. Aliyense amavala juzi akangoima, asanayambe kumva kuzizira.

Madzi timawerengera theka la lita pa ola, kukatentha kuposa pamenepo. Pa maola 8 ndi malita 4, omwe ndi makilogalamu 4 pamsana, ndiye pomwe pali mtsinje wodalirika timanyamula malita 2 kapena 3 n'kukatunga ena. Madzi otungawo timawasefa kapena kuthiramo mapiritsi oyeretsera, n'kudikira nthawi yomwe yalembedwa pa paketi. Wofuna kuwiritsa awabwatitse mphindi imodzi, kapena mphindi 3 ngati ali pamwamba kupitirira mamita 2,000, chifukwa kumeneko madzi amabwata asanatenthe kwambiri. Kumwa kokha osadya kanthu ka mchere nakonso kumafooketsa.

Mphezi ndi chifukwa china chomwe timalawirira, pakuti m'mapiri ambiri mitambo ya mabingu imakonda kuunjikana masana. Mukaona kung'anima, werengani masekondi mpaka bingu limveke. Masekondi 3 aliwonse ndi kilomita imodzi. Akakhala ochepera 30, chokani pansonga ndi pamsana pa phiri, musabisale pansi pa mtengo womwe waima wokha kapena pakhomo pa kaphanga kosaya, ndipo gulu limwazikane kuti mphezi imodzi isagwere onse. Timadikira mphindi 30 kuchokera pa bingu lomaliza, ndipo mphindi zimenezo zimachotsedwa pa nthawi yomwe tatsala nayo ola lotembenukira lisanakwane. Nthawi zambiri ndi zomwe zimatha nkhani ya nsonga.

Nsonga ikapitirira mamita 2,500, ena amamva litsipa, nseru ndi chizungulire chifukwa cha kuchepa kwa mpweya, ngakhale anthu olimba. Wodwala chotere sakweranso, ndipo zikamakula amatsika.

Gulu lathu silipitirira anthu 6 pa wotsogolera mmodzi, ndipo likakula timaika wina kutsogolo, wina kumbuyo. Pa mphambano iliyonse wakutsogolo amaima mpaka womaliza afike. Anthu amasochera kwambiri pochoka pansonga, chifukwa tinjira timatsikira mbali zonse, ndipo chifunga chikagwa kulakwitsa pang'ono pamwamba kumakufikitsa m'chigwa china. Pamenepo wotsogolera amatulutsa mapu a pepala ndi kampasi ngakhale njira akuidziwa. Foni imatha batire msanga kukazizira. Kasitomala aliyense timamubwereka tochi yovala pamutu ndi wenzulo, n'kumuphunzitsa chizindikiro chopempha thandizo: kuliza ka 6 m'mphindi imodzi, kukhala chete mphindi imodzi, n'kubwerezanso. Mnzathu wotsala pansi amasunga pepala la mayina, mbali yomwe takwerera ndi ola lomwe tikuyembekezeka kutuluka. Likapitirira ndi maola 2 tisanamveke, amaimbira opulumutsa anthu osadikiranso.