Ulendo wa mikisa

Ntchito yanga ndi ya zokuzira mawu. Pa Mangochi pano kukakhala ukwati, chinkhoswe kapena msonkhano, munthu amene mumamuona atagwada kuseri kwa masipika akulimbana ndi zingwe, kawirikawiri amakhala ine. Sabata yathayi abwana anandituma ku Joni kukagula mikisa yatsopano, chida chosakanizira mawu a maikolofoni ndi zoimbira, poti yakale inapsa tsiku lomwe jenereta inachita misala pa ukwati wina ku Namwera.

Ndinagona ku Blantyre Lamlungu, Lolemba m'mawa n'kukwera basi. Za ulendo sindinena zambiri, anthu akuno msewu umenewu amaudziwa ngati njira ya kumunda: Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge. Ndinatsika pa Park Station Lachiwiri usiku miyendo itatupa, msuweni wanga akundidikira.

Lachitatu masana mikisa ndinali nditagula kale. Wogulitsa wake, mnyamata watsitsi lofika m'mapewa, ataona momwe ndimayesera tchanelo chilichonse anazindikira kuti ndine wa ntchito yomweyi. Anandiuza kuti usiku womwewo akayendetsa zokuzira mawu za bandi ina ya progressive metal, nyimbo zaphokoso za magitala zosinthasintha kagundidwe, ndipo ngati ndikufuna ndikaime pambali pake. Msuweni wanga anakaniratu. "Asuweni, zokuwakuwa zija? Pitani nokha, ine mawa ndili ndi ntchito."

Pakhomo mnyamata uja anandipatsa timphira totseka m'makutu. Ndinaseka, poti ine ndakulira pa sipika. Iye osaseka, anangoti phokoso likafika madesibelo 85 pa muyeso wa kukula kwa mawu n'kukhalamo maola asanu ndi atatu, makutu amayamba kuwonongeka, ndipo usiku umenewo tipitirira pamenepo.

Anyamata asanu anakwera pa siteji atavala zakuda. Gitala ya mmodzi inali ndi nsambo zisanu ndi zitatu, ndinachita kuwerenga kawiri. Woimba ng'oma amaponda ndi miyendo yonse iwiri, ng'oma yaikulu n'kumamveka ngati chigayo cha dizilo. Koma chimene chinandibalalitsa ndi kawerengedwe. Ndayamba kugwedeza mutu bwinobwino, ndikuwerenga zinayizinayi monga timachitira, mwadzidzidzi phazi langa latsala m'mwamba. Mnzanga uja anandionetsa zala zisanu ndi ziwiri. Ndisanazolowere, abwerera pa zinayi, kenako zii, katsala kagitala kamodzi kakulira pang'onopang'ono ngati munthu akudandaula, ndiye onse n'kugwera pamodzi osasemphana ngakhale pang'ono. Nyimbo imodzi inatha mphindi zoposa khumi. Ndinakumbuka ng'oma za beni kwathu, pamene iliyonse imayenda njira yakeyake koma ovina osasokonezeka. Pa nthawi yopuma mnzanga uja anandiuza kuti oimbawo anakulira pa nyimbo za Dream Theater, bandi yomwe inayambira ku Boston mu 1985.

Kunena zoona, mawu a woimbayo sindinawakonde, amabangula ngati walumidwa ndi ng'ona. Maso anga anali pa manja a mnyamata wa pa mikisa. Phokoso lonse lija, timagetsi take sitinafike pofiira ngakhale kamodzi. Bezi imamveka payokha, gitala iliyonse payokha, mbale za ng'oma osalasa m'khutu. Chida china chikabisika, iye samachikweza ayi, amatsitsa chimene chikuchiphimba. Oimbawo analibe masipika oyang'ana kwa iwo, aliyense anali ndi kake ka m'khutu, ndiye maikolofoni samalira kuti tswii ngati amachitira kwathu MC akayandikira sipika. Zaka zonsezi ine ndakhala ndikungokankhira chilichonse m'mwamba, n'kumadabwa kuti matwita, timasipika ta mawu oonda tija, akupsa bwanji.

Lachinayi ndinakwera basi yobwerera, mikisa nditaikulunga m'bulangete. Pa boda ndinalipira msonkho umene abwana sanaukondwere. Loweruka masana ndinali kale mu holo ya ukwati kuno ku boma, tulo tili m'maso, ndikulumikiza zingwe.

Ndinayesa zomwe ndinaona. Bezi ndinaichepetsa, maikolofoni a MC ndinawachotsa kunenepa, ndipo masipika ndinawasuntha kuti akhale kutsogolo kwa wolankhula. Nthawi ya perekaniperekani dzina lililonse limamveka mpaka kumbuyo, moti agogo ena omwe anakhala pafupi ndi sipika sanasamuke mpaka mwambo kutha.

Posakhalitsa anatulukira amalume a mkwati, thukuta lili kamukamu. "Achimwene, zida zanuzi zadwala? Kwezani, anthu akutsidya kwa mlatho adziwe kuti kuno kuli ukwati!"

"Chabwino bambo, ndikukweza," ndinatero. Ndinagwira kabatani ka tchanelo 12, komwe sikunalumikizidwe chilichonse, n'kukakankhira m'mwamba pang'onopang'ono iwo akuona. Anatchera khutu, anagwedeza mutu.

"Eyaa! Tsopano ndiye zayamba kumveka."

Anandiponyera K2,000 pa mikisa n'kubwerera kukavina.