"Si ya mwana?"

Tulo sitikubwera. Mawu a mnyamata wa m'shopu ina ku Limbe akundizungulirabe m'mutu.

Ndinapitako ndi ndalama zimene ndinalandira pogawana ku banki mkhonde, kukafuna laputopu ya mwana wanga wamkazi amene wayamba Fomu 1. Anandionetsa kakang'ono, kopepuka, katsopano, kadakali m'pulasitiki. Pa katoni panalembedwa 64 GB eMMC, kutanthauza kukula ndi mtundu wa malo ake osungiramo zinthu. Nditafunsa ngati malo amenewo angakwane, anaseka n'kuti, "Mayi, si ya mwana? Mwana asungamo chiyani?"

Zinandipweteka, chifukwa ndikudziwa zimene asungamo. Kwathu intaneti ndi ya pafoni yanga, ndipo bandulo ikatha ndiye kuti yatha mpaka malipiro. Mtsikanayu akapeza mpata amadawuniloda mavidiyo a masamu ndi mapepala akale a mayeso a MANEB kuti aziwerenga popanda intaneti. Mwezi watha foni inakana kulandira china chilichonse. Ndinamuona atakhala pamkeka, chala chili m'malere pamwamba pa sikirini, akusankha phunziro loti afufute. Anafufuta la ma fraction, lomwe anali asanalimvetse n'komwe. Sanadandaule, koma ine ndinaona.

Ndinatuluka panja pa shopuyo n'kuimbira achimwene, amene amakonza makompyuta ku Zomba. Sanadikire n'komwe kuti ndimalize.

"Achemwali, bwezani m'chikwama ndalamazo. Windows 11 payokha imafuna malo osachepera 64 GB. Mukaiyatsa mupeza kuti malo enieni sakufika 60, Windows yadyapo kale 20 n'kupitirira, ndipo ma update akamabwera amafunanso pokhala. Pakatha miyezi ingapo mwanayo azingofufuta zinthu ngati pafoni panupo."

Ndinafunsa ngati sitingadzawonjezere m'tsogolo. Anati eMMC ndi yowotchereredwa pa bolodi, sungaichotse n'kuika yaikulu. Fulashi kapena memori kadi zimathandiza pa mavidiyo, koma m'chikwama cha mwana wa sukulu zimasowa msanga. Iwo akuti 128 GB ya SSD (mtundu wina wa malo osungiramo zinthu) ndi pongoyambira, 256 GB ndiye mtima ungakhale m'malo, ngakhale makinawo akhale akaunjika, monga ThinkPad kapena Dell Latitude zimene ankagwiritsa ntchito m'maofesi kunja. Anandichenjezanso kuti Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 mu October 2025, choncho ndionetsetse kuti purosesa yake, ubongo wa makinawo, ndi ya Intel 8th generation kapena yatsopano kuposa pamenepo, kuti Windows 11 igwirepo ntchito.

Chimene chikundisowetsa mtendere si ma GB ayi. Ndi maganizo akuti cha mwana chizikhala chotsalira. Amene ali ndi Wi-Fi yosatha kunyumba akhoza kusunga zonse pa intaneti, pa Google Drive, makina aang'ono n'kuwakwanira. Mwana wanga zimene wadawuniloda lero ziyenera kukhala m'makinamo mpaka adzalembe mayeso, chifukwa kuzitenganso kachiwiri ndi ndalama ya ndiwo.

Ndinabwereramo m'shopu muja. Yakaunjika ya 256 GB inalipo, yokalikakalika pachivundikiro, kabatani ka E kofufutika. Mnyamata uja anavomera yekha kuti batire yake sipitirira maola awiri. Ndiye magetsi akazima madzulo, nthawi imene mwana wanga amawerenga? Katsopano kaja batire yake akuti ndi yabwino. Ndalama zanganso zinaperewera pang'ono pa yakaunjikayo.

Ndabwera chimanjamanja. Mwana wanga anandichingamira pageti, maso ali pa chikwama changa, ndipo ndinangoti tidikire Loweruka. Achimwene akuti afunsa mtengo wa batire ina, koma mpaka pano sanaimbe.