Khansala wathu tamusandutsa wogula mabokosi a maliro

Ndine mlembi wa komiti ya chitukuko ya m'mudzi, ija timangoti VDC. M'kope lathu muli zinthu zimene anthu a kwa agulupu athu anagwirizana: mlatho pa kamtsinje ka panjira ya kusukulu, mjigo, ndi nyumba ya aphunzitsi. Mlatho ndiwo unatsogola, ndipo panalibe wotsutsa. Mvula ikagwa usiku, m'mawa mumapeza ana a sitandade 1 ataima pagombe, makope ali m'majumbo a shuga pamutu, akudikira wamkulu woti awawolotse. Akasowa, amabwerera kunyumba.

Zimene talembazo zimayenera kupita ku ADC, komiti ya dera lonse la mfumu yaikulu, kenako kukhonsolo ya boma. Ndiyo njira imene inakhazikitsidwa ndi ndondomeko ya mphamvu ku anthu pamodzi ndi lamulo la maboma ang'onoang'ono la 1998. Munthu amene tinamuvotera kuti akatiyankhulire kumeneko ndi khansala. Mafumu amakhala nawo pamsonkhano wa khonsolo, koma savota.

Chimene chimandiwawa n'chakuti ife eniake sitimutuma ntchito imeneyi. Pakhomo pa khansala wathu anthu amalawirira m'mamawa: wina akufuna bokosi la maliro, wina galimoto yonyamula wodwala, wina fizi. Iye amapereka kuchokera m'thumba mwake poopa kutchedwa woumira. Sindikunyoza anthu ovutika ayi, umphawi ndikuudziwa. Koma sindinamvepo wina akumufunsa kuti, "A khansala, ndalama za matikiti timadula pamsika zija zimagwira ntchito yanji, poti chimbudzi cha pamsikapo chinadzadza kalekale?"

Chizolowezichi chili ndi gwero lake. Makhansala oyamba mu ulamuliro wa zipani zambiri tinawasankha mu 2000. Nthawi yawo itatha mu 2005, dziko linakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha pa 20 Meyi 2014. Zaka 9 zathunthu! M'kati mwa zaka zimenezo ndi mmene thumba la CDF, la ndalama za chitukuko cha m'dera la phungu aliyense, linayambira, mu 2006, ndipo anthu anazolowera kuti chitukuko ndi cha aphungu. Lamulo litasinthidwa mu 2010, aphunguwo anapatsidwanso mphamvu yovota m'makhonsolo, pomwe bwanamkubwa amachita kusankhidwa ndi nduna. Makhansala pobwerera anapeza mipando yakutsogolo ili ndi eni kale.

N'chifukwa chake chigamulo cha khoti lalikulu cha mu Meyi 2025, choti aphungu asamavote m'makhonsolo kapena kuyendetsa CDF, ndinachilandira ndi manja awiri. Phungu ntchito yake ili ku Lilongwe, kupanga malamulo ndi kuunika mmene ndalama za boma zikuyendera. Angaunike bwanji ndalama zimene wagawa yekha?

Komabe khoti silingatimangire mlatho. Pamsonkhano wa VDC wapitawu ndinapempha kuti khansala tizimuitana miyezi itatu iliyonse, abwere ndi mapepala a bajeti ya khonsolo, atiwerengere m'Chichewa kuti wodi yathu yapatsidwa zingati komanso kontilakitala ndi ndani. Ena anati timukhumudwitsa munthu wabwino. Amayi amene amakhala kutsidya kwa kamtsinje kaja, ana awo atatu ali kusukulu, ndiwo anayamba kukweza dzanja. Agulupu avomera, ndipo kalata yomuitana ndalemba kale, ipita Lolemba.